Seva ikamabweza ma update mwezi ndi mwezi

Vuto lake limayenda motere. Madzulo anthu ataweruka mwaika ma update pa Windows Server, mwaipanga restart, manambala ayamba kukwera, 30, 60, mwina mpaka 99 peresenti. Mukuti basi zatheka, mukutola chikwama kuti mukakwere taxi kusanade. Kenaka pa sikirini pangotulukira mawu aja: "We couldn't complete the updates. Undoing changes." Seva ibweza zonse zomwe inaika, iyaka bwinobwino, m'mawa anthu atsegula mafayilo awo, ma invoice atuluka, palibe wodandaula. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Ukafika wachitatu ambiri amangoti zisiyeni, bola ikugwira ntchito.

Ndikulembera makamaka anzanga a kumudzi amene mukugwira ntchito za makompyuta kuno ku Johannesburg m'makampani ang'onoang'ono: holoselo ya ku Fordsburg kapena Crown Mines, kampani ya mathiraki ku City Deep, ofesi ya maakauntanti ku Randburg, kasukulu ku Rosettenville. M'malo otere seva imakhala imodzi yokha, ili m'kabati ya kuseri kapena pansi pa tebulo la munthu wa ndalama, ndipo yasenza zonse: mafayilo, pulogalamu ya malipiro, mapasiwedi a antchito, ndi ma printer omwe. Woiyang'anira ndinu nokha.

Seva yotere ikaleka kulandira ma update siionetsa chizindikiro chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lomwe Microsoft yatulutsa patch, yomwe ndi update yotseka bowo la chitetezo, ndi tsiku lomwenso yaulula pamene pali bowo, chifukwa mbava za pa intaneti zimatenga fayilo yakale ndi yatsopano, kuziyerekeza, n'kuona chomwe chasinthidwa. Patch yotseka bowo la SMBv1 (njira yakale yogawanirana mafayilo pa netiweki), yotchedwa MS17-010, inatuluka pa 14 Malichi 2017. WannaCry, ransomware (pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo) yolowera pa bowo lomwelo, inabuka pa 12 Meyi chaka chomwecho, nigwetsa makompyuta m'maiko ngati 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain. Anthu anali ndi miyezi iwiri yoti atseke. Zerologon, bowo lina la 2020, inali yoopsa kwambiri kwa ife a seva imodzi: munthu wolowa pa netiweki ya ofesi ankatha kulanda domain controller, seva yosunga maakaunti ndi mapasiwedi a antchito, wopanda pasiwedi iliyonse. Patch inatuluka mu Ogasiti, ndipo pofika Seputembala njira yolowera inali poyera, wofuna n'kudzitengera.

Za ransomware kuno sitizimva pa wailesi chabe. Mu Julayi 2019 inagwira City Power, kampani ya magetsi ya mzinda uno, anthu n'kulephera kugula mayunitsi a magetsi. Mu Julayi 2021 inagwira Transnet, kampani ya boma ya njanji ndi madoko, ntchito m'madoko monga la Durban n'kusokonekera. Ndiye pali lamulo la POPIA, lomwe linayamba kuluma pa 1 Julayi 2021: kampani yosunga zinsinsi za anthu iyenera kuziteteza, ndipo zikabedwa iyenera kudziwitsa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, komanso eni ake. Chindapusa chimatha kufika R10 miliyoni. Mu 2023 Regulator analamula Dipatimenti ya Chilungamo ya dziko lino kuti ilipire R5 miliyoni pa nkhani yochokera ku chiwembu cha 2021, ndipo mwa zomwe anapeza, ma licence a antivirus ndi zida zina zolondera netiweki anali atatha mu 2020 osalipiridwanso. Lamulo lomwelo likukhudza holoselo ya abwana anu, malinga ikusunga mayina, ma ID ndi maakaunti a ku banki a antchito.

Yambani mwadziwa pamene seva yaima

Mawu oti "You're up to date" musawakhulupirire msanga. Tsegulani Run, lembani winver, muone nambala ya build. 14393 ndi Server 2016, 17763 ndi 2019, 20348 ndi 2022, 26100 ndi 2025. Yofunika kwa ife ndi nambala ya kumanja kwa kadontho, chifukwa imakwera mwezi uliwonse update ikakhazikika. Iyerekezeni ndi yomwe yalembedwa pa tsamba la Microsoft la mbiri ya ma update a seva yanuyo, mudziwa kuti mwatsalira ndi miyezi ingati. Mu PowerShell muthanso kulemba:

Get-HotFix | Sort-Object InstalledOn

Chomwe chimapusitsa ambiri ndi WSUS yosiyidwa, makina ogawira ma update ku makompyuta a kampani. Kampani ya IT yomwe inalipo inu musanabwere inakonza zoti seva izitenga ma update ku makina ena, a m'nyumba momwemo kapena a ku ofesi kwawo. Kontrakiti inatha, anthuwo anapita, koma lamulolo linatsala mu Group Policy, momwe mumasungidwa malamulo oyendetsera makompyuta a ofesi. Ngati makina aja anachotsedwa, seva imangolira ndi ma error a netiweki. Ngati akadalipo koma palibe amene akuvomereza ma update atsopano, ndiye poipa, chifukwa seva imafunsa, kuyankhidwa kuti palibe chatsopano, n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Onani ndi izi:

reg query HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\WindowsUpdate /s

Mukaona WUServer ndi adiresi yomwe simukuidziwa, mwapeza gwero. Kakonzeni mu Group Policy, pa "Specify intranet Microsoft update service location", kenaka gpupdate /force. Kufufuta mu registry mokha n'kutaya nthawi, mawa lake zibwerera.

Ngati winver yaonetsa 9600 kapena 7601, ndiye 2012 R2 kapena 2008 R2. Nkhani yake ndi ina, ili kumapeto.

Magetsi

Seva ikamabweza ma update pambuyo pa restart, kuno ku Joni ine ndimayamba kukayikira magetsi, ngakhale tsiku limenelo asanathime n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti update imalowa m'magawo awiri. Gawo loyamba limachitika seva ili chiyakire: mafayilo atsopano amaikidwa mu nkhokwe yotchedwa WinSxS, ndipo Windows imalemba mndandanda wa zomwe idzasinthe. Gawo lachiwiri ndi lija la manambala pa restart, pamene mafayilo akale akuchotsedwa ndipo atsopano akulowa m'malo mwake. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, nkhokwe imatsala ndi zolemba zosagwirizana: kwina kwalembedwa kuti phukusi lakuti linalowa, pamene mafayilo ake palibe. Seva imayakabe. Koma update ya mwezi uliwonse imamanga pamwamba pa nkhokwe yomweyo, ndiye ikafika pa malo owonongeka aja imalephera n'kubwerera. N'chifukwa chake seva yomwe inadutsa mu load shedding ya Stage 6 ya 2022 ndi 2023 popanda UPS (kabokosi ka mabatire kogwirizira seva magetsi akathima) yabwino ingathe kumavutabe, load shedding itachepa kale.

Umboni wake uli mu Event Viewer. Pitani ku Windows Logs, System, musefe ndi manambala 41 ndi 6008. Onse awiri amanena kuti makina anazima mosayembekezereka. Onani masiku ake, muwayerekeze ndi tsiku lomwe update yomaliza inalowa bwino. Nthawi zambiri amakhala oyandikana.

Ndiye musanakonze chilichonse, konzani kaye za moto, apo ayi mudzakonza lero n'kuwononganso mwezi wamawa. UPS imanamiza: nyale yobiriwira ikuwala, koma mabatire m'kati anatha kalekale, ndipo magetsi akangophethira imagwira mphindi imodzi basi. Mabatire a lead-acid sachedwa kufooka akamatsitsidwa kawiri katatu pa tsiku osapeza mpata wodzaza. Yesani Loweruka, mutapanga backup ndipo palibe amene akugwira ntchito: zimitsani pa khoma, muwerenge mphindi. Onaninso ngati chingwe cha USB chochokera ku UPS chalumikizidwa ku seva ndipo pulogalamu yake ilimo, kuti batire likatsika seva izizima yokha mwadongosolo. Chingwe chimenechi m'maofesi ambiri chikadali m'pulasitiki wake mu dirowa.

Kuthima kwa magetsi sikunathe chifukwa Eskom yapuma. Mbava za nthambo zilipo, ma substation amapsa, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya ziphaliwali ya kuno imakonda kubwera masana kapena chakumadzulo. Mitambo ikada, dikirani. Onaninso zolengeza za City Power za dera lanu musanayambe.

Malo, wotchi ndi netiweki

Zitatu izi n'zosavuta, koma muzione musanalowe m'zakuya.

Disiki ya C: ikadzaza, nambala ya error ndi 0x80070070. Ine ndimafuna kuona malo osachepera 20 GB ndisanayambe. Zodzaza kawirikawiri ndi ma backup akale omwe wina anasunga pa C: pomwepo, ma scan, ndi ma log. Foda ya WinSxS imaoneka yayikulu ndipo imakopa, koma musafufutemo kanthu ndi manja. Njira yake ndi DISM, chida cha Windows chosamalira nkhokweyi:

DISM /Online /Cleanup-Image /StartComponentCleanup

Ena amawonjezera /ResetBase kumapeto kuti apeze malo ambiri. Dziwani kuti mukatero ma update omwe alimo kale simudzathanso kuwachotsa.

Error ya 0x800f0922 nthawi zambiri imaloza ku kagawo kobisika ka disiki, System Reserved, kuti kadzaza, ngakhale C: ili ndi malo. Pa Server 2022 ambiri anavutika ndi 0x80070643 mu Januwale 2024, pa update ya KB5034439 yomwe inkafuna 250 MB mu gawo la recovery. Imeneyo inali yapadera, sinkatsekereza update ya mwezi ndi mwezi.

Wotchi ikasokonekera, seva imakana ma certificate a Microsoft, ndipo mumaona 0x80072F8F. Lembani w32tm /query /status. Ikati gwero lake ndi Local CMOS Clock, ndiye kuti sikutenga nthawi kwina kulikonse, ikungodalira kabatire ka pa motherboard, CR2032, komwe pa makina akale kamakhala katatha. Time zone ikhale Harare, Pretoria. Pa domain, kusiyana kwa mphindi zoposa 5 kumachititsanso kuti Kerberos, yomwe imatsimikizira olowa, ikane anthu kulowa, ndiye wotchi si yoseweretsa.

Za netiweki, 0x8024402c imatanthauza kuti seva sikupeza njira yofikira kumene kuli ma update, kaya chifukwa cha DNS, proxy kapena WSUS ija. Fibre ikaduka ofesi n'kugwera pa LTE, fayilo yoposa 1 GB imatha kuduka panjira. Musalimbane nayo. Tsegulani Microsoft Update Catalog pa laputopu, funani nambala ya KB (nambala yodziwira update) ya mwezi umenewo, tengani fayilo ya .msu yolembedwa dzina la seva yanu, osati ya Windows 10 kapena 11, muiike ndi manja. Pa Server 2016 kumbukirani kuti servicing stack update, yokonza chida chomwe chimaika ma update, imabwera payokha ndipo iyenera kulowa poyamba. Pa 2022 ziwirizi zimabwera m'phukusi limodzi. Ubwino wake, ma update amenewa ndi osonkhanitsa: mukatsalira ndi miyezi 10, simufunika kuika onse 10, yatsopanoyo yanyamula zonse za m'mbuyo.

Kukonza nkhokwe

Langizo lomwe mudzalipeze paliponse ndi lochotsa zomwe Windows Update inasunga:

net stop wuauserv
net stop bits
net stop cryptsvc
ren C:\Windows\SoftwareDistribution SoftwareDistribution.old
ren C:\Windows\System32\catroot2 catroot2.old
net start cryptsvc
net start bits
net start wuauserv

Zimathandiza ngati fayilo inabwera yoduka kapena kufufuza kwangoima malo amodzi. Koma ngati update ikulowa bwino n'kukalephera pa restart, vuto silili m'mafoda amenewa, ndipo kubwereza kasanu sikusintha kanthu. Apa mpofunika DISM, mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator:

DISM /Online /Cleanup-Image /ScanHealth
DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth
sfc /scannow

Ndondomeko yake ndi yomweyo, DISM poyamba, sfc pambuyo, chifukwa sfc imatenga mafayilo abwino mu nkhokwe yomwe DISM ikukonzayo. DISM imakonda kuima pa nambala imodzi nthawi yaitali, isiyeni. Error ya 0x80073712 ndi chizindikiro chenicheni cha nkhokwe yowonongeka. Ikabwera 0x800f081f, ndiye kuti DISM yaona chosowa koma sikupeza kochitenga. Ipatseni ISO (fayilo yoikira Windows) ya mtundu womwewo wa seva ndi chilankhulo chomwecho. Yambani mwaona zomwe zili m'kati:

DISM /Get-WimInfo /WimFile:D:\sources\install.wim

Sankhani nambala yogwirizana ndi yanu, Standard kapena Datacenter, ya desktop kapena yopanda, muiike kumapeto m'malo mwa 2:

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth /Source:wim:D:\sources\install.wim:2 /LimitAccess

ISO ikakhala yakale kwambiri kuyerekeza ndi build ya seva, mwina chosowacho sichikhalamo, ndipo error ibweranso.

Pamene ambiri amagwa ulesi ndi pa kuwerenga log, chonsecho yankho limakhala momwemo. Fayilo yake ndi C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log. Ndi yaitali zedi, choncho isefeni:

findstr /i "error corrupt" C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log > C:\cbs.txt

Tsegulani cbs.txt, pitani pa ola lomwe update inalephera, mufune error yoyamba, osati yomaliza. Zotsatira zonse ndi ana a yoyambayo. Mwachitsanzo, pa 0x800f0831 mudzapeza mzere wonena za "manifest missing for package", ndipo m'dzina la phukusilo muli nambala ya KB yakale. Imeneyo ndiyo update yomwe inasiyidwa theka. Kaitengeni ku Catalog, muiike, kenaka muyesenso ya mwezi uno. Nthawi zina log imatchula driver kapena fayilo ya antivirus. Ikatero, yambani mwakweza antivirus kapena driver ameneyo. Antivirus yakale imatha kugwira fayilo yomwe Windows ikufuna kusintha.

Pali polekezera. Mukatha Loweruka awiri pa nkhokwe imodzi osaphula kanthu, imikani seva yatsopano, makamaka ngati ndi virtual machine, musamutsire ntchito kumeneko. Seva yoti mwaikonza movutikira chotero simudzaikhulupiriranso.

Ikaima pa "Getting Windows ready"

Apa ndi pamene anthu amathamanga magazi n'kudina batani, ndipo ndi pamene nkhokwe zambiri zimawonongekera. Server 2016 imadziwika ndi kuchedwa. Pa ma hard drive akale ozungulira ola lathunthu si chachilendo. Onani kanyale ka disiki. Kakamaphethira, ntchito ikuyenda. Ngati ndi virtual machine, onani pa host ngati CPU ndi disiki zikugwira ntchito. Kagulireni chakudya, mubwere.

Ikamangozungulira, kuyaka n'kuzima osafika polowera, yatsani ndi USB ya Windows Server, sankhani Repair your computer, mutsegule Command Prompt. Mmenemo zilembo za madisiki zimasintha, Windows ikhoza kukhala pa D: kapena E:, choncho yambani mwaona ndi dir. Kenaka:

DISM /Image:D:\ /Cleanup-Image /RevertPendingActions

Izi zimabweza zonse zomwe zinali zikudikira restart. Seva ikayaka, bwererani ku CBS.log musanayesenso.

Nanga patch ikakhala yoipa yokha?

Zimachitika, ndipo abwana akamaopa sikuti akulota. Ma update a Januwale 2022 anachititsa ma domain controller ena kumangodzipanga restart, Hyper-V (yoyendetsa ma virtual machine) kukana kuyamba pa makina ena, ndi VPN ya L2TP kuduka, mpaka Microsoft inatulutsa okonza patapita masiku ochepa. Mu Malichi 2024 kunalinso vuto la LSASS, gawo la Windows loona za olowa, kudya memory pa ma domain controller. Ambiri amatchulanso za 19 Julayi 2024, tsiku lomwe makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa dziko lonse, kuno mabanki ndi ndege zina n'kukhudzidwa. Koma ija inali update ya CrowdStrike, kampani ya mapulogalamu a chitetezo, osati ya Windows, ndipo ndi bwino kuwafotokozera abwana kusiyana kwake.

Yankho lake si kuleka, koma kusankha tsiku. Microsoft imatulutsa ma patch Lachiwiri lomwe limagwa pakati pa 8 ndi 14 mwezi uliwonse, ndipo kuno amafika cha m'ma 7 kapena 8 koloko usiku. Lachitatu ndi Lachinayi werengani gawo la known issues pa tsamba la KB imeneyo, mumve ngati ena akulira. Loweruka masana, sitolo itatseka, ikani. Loweruka limenelo limagwa pakati pa 12 ndi 18, kutali ndi malipiro a pa 25 ndi chipwirikiti cha kumapeto a mwezi. Usiku wa Lamlungu ayi. Zikavuta mulibe tsiku lokonzera.

Kudikira masiku anayiwa kumatha pamene bowolo mbava zayamba kale kulowerapo. Mu Security Update Guide ya Microsoft amalemba ngati zili choncho, ndipo bungwe la CISA la ku America lili ndi mndandanda wa mabowo otere, wotchedwa KEV, kuyambira 2021. Nambala ya CVSS, yoyeza kuopsa kwa bowo kuyambira 0 kufika 10, imathandiza, koma ine ndimaopa kwambiri bowo la 7 lomwe anthu akulowerapo lero kusiyana ndi la 9 lomwe lili pa chinthu chomwe seva yanga ilibe.

Backup musanayambe, ndipo ikhale yoti munaiyesapo kubweza. Pa domain controller tengani ndi system state yomwe:

wbadmin start systemstatebackup -backuptarget:E:

Ikatha, zulani disiki ija pa seva. Ransomware imatseka chilichonse chomwe yachipeza cholumikizidwa. Pa Hyper-V tengani checkpoint, koma muichotse patapita masiku awiri atatu zonse zikayenda. Ikakhalitsa imakula mpaka kudzaza disiki ya host.

Kuchotsa update yovuta, ambiri amadziwa wusa /uninstall /kb: kutsatira nambala. Pa maseva atsopano, pomwe servicing stack ili m'phukusi limodzi ndi update, njira imeneyi imakana. Gwiritsani DISM /Online /Get-Packages kuti mupeze dzina la phukusi, kenaka DISM /Online /Remove-Package. Ndipo mukachotsa, lembani penapake kuti bowo latsegukanso, mudikire yokonzedwa.

Pambuyo pa restart onaninso winver. Nambala ikapanda kusintha, ntchito sinathe. Kenaka lowani pa kompyuta ya wogwira ntchito mmodzi, tsegulani foda ya onse, tsegulani pulogalamu ya ndalama, sindikizani tsamba limodzi. Mukatero mutha kutseka ofesi.

Tsekani makomo pamene mukukonza

Seva yotsalira ndi miyezi ingapo siyenera kuonekera pa intaneti ngakhale pang'ono. Lowani mu rauta, muone port forwarding. Mukapeza 3389 yaloza ku seva, ndiye Remote Desktop ili poyera, ndipo makina a mbava amayesa mapasiwedi pa makomo otere usana ndi usiku. Zambiri zinatsegulidwa mu 2020 nthawi ya lockdown kuti a ndalama azigwirira kunyumba, n'kuiwalika. BlueKeep, bowo la 2019, inkalowera pomwepa pa Server 2008 ndi 2008 R2, popanda pasiwedi. Kusintha nambala ya port sikubisa kanthu. Tsekani, anthu azilowa kudzera pa VPN.

SMBv1 ioneni ndi Get-SmbServerConfiguration, ndipo ngati ili yoyaka:

Set-SmbServerConfiguration -EnableSMB1Protocol $false

Chenjezo: makina akale a fotokope omwe amatumiza ma scan ku foda amatha kuleka kugwira ntchito, ndipo Lolemba m'mawa foni yanu idzalira. Yesani kukweza firmware yake, kapena asinthireni kuti azitumiza pa imelo. Print Spooler nayo, yomwe imayendetsa ma printer, chichokereni bowo la PrintNightmare la Julayi 2021, siyenera kuyaka pa domain controller. Ngati seva imodziyo ndi yomwenso imayendetsa ma printer, ndi chifukwa chinanso choti ma update ake asamatsalire.

Seva yomwe Microsoft inaisiya

Server 2008 ndi 2008 R2 zinasiya kuthandizidwa pa 14 Januwale 2020. 2012 ndi 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023, kupatula kwa olipira ESU (ma patch oonjezera ogulitsa), yomwe malire ake ndi 13 Okutobala 2026. Pa makina otere palibe DISM yomwe ingakuthandizeni, chifukwa patch yoti ilowe palibe. Mabowo atsopano akupezekabe, otseka kulibe.

Kawirikawiri chomwe chimaisunga ndi pulogalamu imodzi yakale, ya stock kapena ya ma till, yomwe abwana safuna kulipira yatsopano. Ngati siingachoke lero, ipatuleni. Chotsanipo mafayilo ndi ntchito ya domain controller, itsale ndi pulogalamu imodziyo. Itsekereni intaneti pa firewall, ndipo ilankhule ndi makompyuta okhawo omwe akuifunadi.

Abwana akati, "Si ikuyenda, tiwonongerenji ndalama?" musakangane nawo pa khonde. Lembani imelo yaifupi, yaulemu: seva yakuti inasiya kulandira ma patch pa tsiku lakuti, ikusunga zakutizakuti za antchito ndi makasitomala, POPIA ikufuna kuti zitetezedwe, njira zomwe zilipo ndi izi, mtengo wake ndi uwu. Sungani kope kwanu. Achimwene ndi achemwali, ife kuno ndife alendo, ndipo zinthu zikavuta chala sichichedwa kuloza munthu wa IT. Imelo yokhala ndi deti imakuyankhulirani.

Amene muli pa 2016, tsiku lanu losiya kulandira ma patch ndi 12 Januwale 2027. 2019 ifika pa 9 Januwale 2029, 2022 pa 14 Okutobala 2031. Makampani ambiri kuno chaka chawo cha ndalama chimatha kumapeto a Febuluwale, choncho quotation ifike pa tebulo bajeti isanatsekedwe. Powerengera mtengo kumbukirani kuti licence ya Standard imagulidwa potengera ma core, osachepera 16 pa seva iliyonse, ndipo ma CAL (ma licence olowera pa seva) a 2016 sagwira pa 2022 kapena 2025, muyenera kugula atsopano a munthu aliyense kapena kompyuta iliyonse yolowa.